Amalipira gule ndani? Mbiri ya zikondwerero za m'chilimwe kuno kwathu



Chaka chilichonse msika wa fodya ukamatsekedwa pa Chinkhoma, mphepo yozizira ya mu Julayi itatha ndipo dzuwa layamba kuswa mtengo, mawailesi amadzaza ndi malonda a zikondwerero za zoimbaimba. Uku akuti tikakumane kunyanja, uku akuti ku Blantyre, uku akuti kukubwera woimba wa ku Tanzania kapena wa ku Jamaica. Kuno ku Lisasadzi nkhaniyi imathera pa mtengo wa tikiti. Anthu amapukusa mitu n'kumati, ndalama yonseyo kungokaonera munthu akuimba? Makolo athu ankavina ulere!

Mawu akuti "ankavina ulere" ndi amene andichititsa kulemba nkhaniyi, chifukwa ine monga mphunzitsi wa mbiri sindigwirizana nawo. Gule waulere sanakhalepo m'dziko muno. Chimene chakhala chikusintha ndi munthu wolipira, njira yolipirira, ndiponso ngati wolipirayo anayamba wafunsidwa kapena ayi. Tiyeni tibwerere m'mbuyo zaka pafupifupi 100 kuti tione bwino.

Boma la mganda

Tiyambire pakhomo. Mganda umene timavina kuno ku Kasungu, ku Dowa, ku Ntchisi ndi madera ena a m'chigawo chapakati, pamodzi ndi mbale wake malipenga a ku Nkhata Bay ndi ku Karonga, unafala itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse ya 1914 mpaka 1918. Amuna amene anapita ku nkhondoyo ngati asilikali a King's African Rifles kapena ngati amtengatenga anaona perete wa asilikali ndi mabandi awo, ndipo atabwerera kumudzi anazisandutsa gule. Katswiri wina wa mbiri, Terence Ranger, anatulutsa buku m'chaka cha 1975 lofotokoza momwe magule a mtundu umenewu anayendera kuchokera kugombe la Kenya ndi Tanzania, kumene ankatchedwa beni, mpaka kufika kuno.

Chondisangalatsa ine pa mganda ndi kayendetsedwe kake. Gulu la mganda limatchedwa boma, ndipo dzinali silongoseka ayi. Limakhala ndi mtsogoleri, akapitawo ake, wosunga chuma, ndi malamulo olipitsa wochedwa pokonzekera. Ovina amasonkha ndalama zogulira akabudula, malaya ndi masokosi ofanana. Ng'oma yaikulu imafuna chikopa, mabadza amafuna zipanda ndi munthu wodziwa kuwakonza. Boma la mudzi wina likaitanidwa, mudzi woitanawo umasonkha ufa ndi ndiwo, amayi amachezera kuphika thobwa, alendo amagawidwa m'makomo kuti akagone. Ndipo imeneyi ndi ngongole, chifukwa chaka chamawa oitana aja nawo adzapita kukadya kwa anzawo. Amayi a chimtali amayendanso chimodzimodzi.

Zonsezi zimachitika anthu atakolola, nkhokwe zili zodzaza, mvula isanayandikire. Choncho nyengo ya zikondwerero sanaisankhe ndi azungu kapena makampani. Makolo athu anaona kalekale kuti m'chilimwe ndi mmene muli chakudya, mpata ndi bwalo louma. Onaninso kuti pa mganda wolipira ndi wosangalala ndi munthu yemweyo, ndipo palibe wobwezedwa pachipata chifukwa chipatacho kulibe. Kukula kwa gule kumatsata kukula kwa nkhokwe. Chaka cha njala ng'oma imachepa yokha mawu, ndipo palibe amene amatsala ndi ngongole ya kubanki.

Nthawi ya Ngwazi

Dziko litalandira ufulu pa 6 Julayi 1964, gule wa m'midzi anakwezedwa pa lole n'kupita naye m'tauni. Zikondwerero zazikulu za nthawi imeneyo zinali za boma ndi chipani cha Malawi Congress: 6 Julayi, tsiku la Kamuzu pa 14 Meyi, msonkhano waukulu wa chipani chaka ndi chaka, ndi maulendo oyendera mbewu. Pa Kamuzu Stadium ku Blantyre pankasonkhana magule a m'maboma onse, ingoma, beni, mganda, gule wamkulu, ndipo koposa zonse amayi a mbumba atavala nsalu za nkhope ya Dr Hastings Kamuzu Banda. Ife a ku Kasungu zimenezi timazidziwa bwino, poti mwini wakeyo anali wa konkuno, nyumba yake ya Nguru ya Nawambe ili pano, ndipo sukulu yake ya Kamuzu Academy anaitsegula ku Mtunthama mu 1981.

Kunena za dongosolo, zikondwerero zimenezi zinali zolongosoka zedi. Magalimoto ankafika pa nthawi yake, magulu ankalowa m'bwalo motsatana, wailesi ya MBC inkaulutsa zonse, ndipo pachipata panalibe tikiti. Ndiye chifukwa chake akuluakulu ena amati zinali zaulere. Koma tawerengani bwino ndalama zake. Aliyense ankayenera kugula khadi la chipani, ndipo anyamata a chipani ankaima pa misika ndi pokwerera mabasi kufunsa khadilo. Mtsogoleri akamabwera m'boma lanu, midzi inkasonkha mphatso, mazira, nkhuku, mbuzi, ng'ombe ndi ndalama, ofuna ndi osafuna omwe. Amayi ankasiya minda, ana ndi mabanja masiku ambiri kukaphunzira nyimbo, kenako n'kutengedwa pa malole kukagona m'makalasi a sukulu kudikira tsiku lovina. Ana asukulu ankasiya maphunziro kukandanda m'mbali mwa msewu.

Tikiti inalipo ndithu, kungoti sinkadulidwa pachipata. Inkadulidwa m'khola la nkhuku, m'munda wosapaliridwa ndi m'kalasi lotsekedwa. Kusiyana kwake ndi mganda wa kumudzi n'kwakuti wosonkha sankafunsidwa, ndipo wokana ankadziwa yekha chomwe chimuonekere. Riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ndi chisankho cha pa 17 Meyi 1994 zinathetsa kukakamiza kumeneku, koma zinasiya funso: boma likasiya kuyendetsa gule, alipire ndani?

Ndalama ya pakhomo

Yankho loyamba linali losavuta: wolowa alipire pakhomo. Zaka za m'ma 1990 zinatulutsa oimba ambiri. Ku Balaka kunali Alleluya Band ya Paul Banda, ndipo mng'ono wake Lucius anatulutsa chimbale chake choyamba mu 1994. Ku Chileka kunatuluka Evison Matafale ndi Black Missionaries. Matepi ankagulitsidwa kwa O.G. Issa, ndipo mabandi ankayenda m'maholo, m'mabala ndi m'mahotela, munthu wawo atakhala pakhomo ndi chidindo chodinda pa mkono. Ku Blantyre malo otchuka anali French Cultural Centre. Njirayi inkakwanira bandi imodzi, madzulo amodzi. Koma kusonkhanitsa mabandi makumi angapo masiku atatu, n'kuwapezera pogona, magetsi ndi chitetezo, inali nkhani ina.

Amene anayesa zimenezi poyamba pa mlingo waukulu anali mlendo, paja amati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Will Jameson, mnyamata wa ku Britain, anabwera kuno mu 1998 kudzagwira ntchito yongodzipereka. Atabwerera kwawo anayambitsa madansi ausiku mu mzinda wa Liverpool n'kuwatcha Chibuku Shake Shake, dzina la mowa wathu wa m'mapaketi uja. Mu 2004 anachititsa chikondwerero choyamba cha Lake of Stars pa Chintheche Inn ku Nkhata Bay, ndipo kunafika anthu mazana angapo. Dzinalo analitenga pa mawu amene anthu amati David Livingstone anatchulira nyanja yathu poona nyali za asodzi usiku.

Chikondwererochi chinakula mpaka kumasonkhanitsa anthu zikwi zingapo, ndipo chinasamukasamuka: ku Senga Bay ku Salima, kenako pa Nkopola ku Mangochi kuyambira 2009, mu 2013 chinalowa mu mzinda wa Lilongwe ndi dzina loti City of Stars, mu 2016 chinabwerera ku Chintheche. Pa nsanja yake panaima Oliver Mtukudzi wa ku Zimbabwe, Freshlyground ya ku South Africa, Sauti Sol ya ku Kenya ndi oimba athu ambiri. Koma chinsinsi cha bajeti yake n'chakuti ogwira ntchito ambiri anali ongodzipereka, oimba ambiri akunja ankalandira zochepa kapena osalandira konse, ndipo alendo ochokera kunja ankagula matikiti ndi ndalama zolimba. Ngakhale zinali choncho panali zaka zimene sichinachitike, monga 2012 ndi 2017, ndipo mliri wa Covid-19 utafika mu 2020 chinakhala chete mpaka 2024 pamene chinadzukanso ku Nkhotakota, kuseri kwa nkhalango kuno, msewu wodzera ku Mtunthama ndi Malomo.

Ndalama zimapita kuti?

Apa ndiye ndikufuna tikhalitsepo pang'ono, chifukwa ambiri timaona woimba pa nsanja osaona zili kumbuyo kwake. Wokonza chikondwerero amayamba kulipira miyezi ingapo tsiku lisanafike. Woimba wakunja amafuna chikole asanasaine, ndipo sabwera yekha: oimba ng'oma, magitala, ovina ndi womuyang'anira onse amafuna tikiti ya ndege, galimoto yowatenga ku Lumbadzi kapena ku Chileka, ndi chipinda ku hotela. Kenako pali nsanja, zokuzira mawu ndi nyali, zimene amabwereka ndi kunyamula pa malole mpaka kunyanja. Pali majenereta ndi dizilo wake, poti palibe angaike chikondwerero chonse pa magetsi amene angathime pakati pa nyimbo. Pali mpanda, alonda ndi apolisi, zimbudzi, madzi, achipatala, otola zinyalala, malonda a pa wailesi. Pali chilolezo cha zisangalalo motsata lamulo la 1968 lija linakhazikitsa Censorship Board, pali za bungwe la COSOMA limene linayamba ntchito mu 1992 kutolera ndalama za eni nyimbo, ndiponso msonkho wa boma. Oimba athu, amene amadzaza pulogalamu yonse, nawo ayenera kulandira, ngakhale kawirikawiri ndi amene amamva kuwawa bajeti ikaperewera.

Nanga zolowa? Matikiti, ndalama za makampani othandiza monga a lamya, mabanki ndi ofulula mowa, malo obwereketsa kwa ogulitsa zakudya, ndi thandizo la mabungwe kapena akazembe a maiko akunja. Pa zonsezi tikiti ndi imene imabwera mochedwa, chifukwa Amalawife timakonda kugulira pakhomo tsiku lomwelo titaona kaye kumwamba.

Ife a kudera la fodya moyo umenewu sitiufunsa kwa munthu. Mlimi amayamba kuwononga ndalama pa nazale, feteleza, aganyu, zigafa, nkhuni za m'balani ndi ziguduli, miyezi yambiri osalandira kanthu, kenako zonse zimaweruzidwa mphindi zochepa ku okushoni. Wokonza chikondwerero nayenso ndi mlimi wa mbewu yokolola masiku atatu. Chizimalupsa chikagwa Lachisanu, kapena mphepo ya panyanja ikagwetsa nsanja, kapena mafuta akasowa m'dziko anthu n'kulephera kuyenda, mabelo ake abwezedwa. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Koma pali kusiyana kumodzi kwakukulu. Mtengo wa fodya umatchulidwa m'madola, choncho kwacha ikagwa mlimi amaonako ndalama zochuluka pa pepala, ngakhale feteleza amadzamulanda zonse. Wokonza chikondwerero zake n'zotembenuka: amagula m'madola n'kugulitsa m'makwacha. Mu Meyi 2012 dola inachoka pa K168 kufika pa K250. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwanso ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Tingoyerekeza ngati m'kalasi la masamu: woimba amene mwagwirizana naye madola 10,000 anali wa K11.8 miliyoni dzulo, lero ndi wa K17 miliyoni, pamene matikiti munasindikiza kale ndi mtengo wakale. Wokonzayo ali ndi njira zitatu basi: akweze tikiti, achepetse malipiro a oimba a konkuno, kapena alowe m'ngongole. Mukamadabwa mtengo wa tikiti, gawo lalikulu la yankho lili pamenepa.

Eni dziko alowapo

Amalawi sanangokhala oonerera. Mu 2009 Thom Chibambo anayambitsa Blantyre Arts Festival, chikondwerero cha mu mzinda chosakaniza nyimbo, ndakatulo, zisudzo ndi magule, chimene mwambo wake ndi kuchitika cha mu Okutobala. Ubwino wa m'tauni ndi woti munthu amakwera minibasi, n'kuonera, n'kukagona kwake, osalipira hotela. Vuto lake ndi malo. French Cultural Centre itatsekedwa mu 2011, anthu anaba ndi kuononga katundu wa pamalopo, ndipo ngakhale boma linawatenga n'kuwatcha Blantyre Cultural Centre, anakhala zaka zambiri ali osakonzedwa bwino. Mzinda wopanda bwalo lake la zisangalalo umalipiritsa wokonza aliyense kumanga zonse kuyambira pansi chaka ndi chaka.

Mu 2010 Lucius Banda anayambitsa Sand Music Festival ku Mangochi, ndi cholinga choti oimba a m'dziko muno akhale ndi chikondwerero chawo cha kunyanja. Pambuyo pake chinakhazikika kwambiri ku Salima. Koma nayenso anaona kuti chokopa khamu ndi dzina lakunja, ndipo anabweretsa anthu ngati Busy Signal wa ku Jamaica ndi Diamond Platnumz wa ku Tanzania, kutanthauza kuti msampha wa madola uja unamugwiranso. Soja anatisiya pa 30 Juni 2024, ndipo mbiri idzamukumbukira ngati woimba amene anaika dzina ndi thumba lake pa chikondwerero, m'dziko limene thumba la boma la zaluso linali loonda. Ndondomeko ya dziko ya chikhalidwe inavomerezedwa mu 2015, ndipo lamulo lokhazikitsa khonsolo ya zaluso linadutsa ku Nyumba ya Malamulo mu 2024, patatha zaka zambiri aluso akulirira.

Chitsanzo chimene chimandigwira mtima kwambiri chili ku Dowa, boma loyandikana nafe. Dzaleka inali ndende ya andale nthawi ya chipani chimodzi, ndipo mu 1994 inasanduka msasa wa anthu othawa kwawo. Mu 2014 mlakatuli wochokera ku Lubumbashi m'dziko la Congo, Trésor Nzengu Mpauni, wodziwika kuti Menes la Plume, anayambitsa Tumaini Festival mkati mwa msasawo, yolowa ulere. Ulere wake ndi wa pachipata pokha. Ndalama za nsanja ndi zokuzira mawu zakhala zikuchokera kwa mabungwe ndi kwa anthu osonkha pa intaneti, ntchito yambiri n'kumagwiridwa ndi ongodzipereka a mumsasamo. Alendo ofuna kugona amalandiridwa m'nyumba za mabanja a pamsasa n'kulipira kwa mabanjawo, ndipo ogulitsa zakudya ndi zosokasoka ndi eni malo omwewo. Kodi si dongosolo la mganda limeneli, alendo kugawidwa m'makomo? Kufooka kwake n'koti thandizo lakunja lili ngati mvula, chaka china imagwa china ayi.

Ulere wopanda dongosolo

Wina anganene kuti basi tingochotsa zipata, aliyense alowe. Mbiri ili ndi chenjezo lowawa pamenepa. Pa 6 Julayi 2017, pokondwerera zaka 53 za ufulu, khamu la anthu linasonkhana pa Bingu National Stadium ku Lilongwe kudzaonera ulere mpira wa Bullets ndi Silver Strikers. Zipata zinachedwa kutsegulidwa, anthu anayamba kukankhana, ndipo anthu 8 anamwalira, ambiri mwa iwo ana. Sichinali chikondwerero cha nyimbo, koma phunziro lake ndi la khamu lililonse. Ndalama zolipira alonda ophunzitsidwa, zipata zokwanira ndi achipatala sizioneka pa chithunzi, ndipo ndi zimene wokonza wopanikizika amayamba kudula. Zikadulidwa, wolipira amakhala mwana wa munthu wosauka amene anabwera chifukwa anamva kuti n'zaulere.

Tsono ife titani?

Ana amene ndimaphunzitsa ndi a alimi, a matenanti a m'maesiteti ndi a ogulitsa pamsika. Ambiri mwa iwo amadziwa nyimbo zonse za oimba amene amaimba kunyanja, koma tikiti, thiransipoti ndi pogona zikaphatikizidwa n'zosatheka m'nyumba imene ikusaka fizi ndi feteleza mwezi womwewo. Sindikuda okonza zikondwererozo, ndaonetsa kale kuti nawonso amayenda pa ulusi, ndipo ndalama za alendo zimathandiza asodzi, osema ziboliboli ndi ogwira ntchito m'mahotela. Koma ngati nyimbo za Amalawi zizimveka bwino kwambiri pamalo pamene Amalawi ambiri sangafike, pali china chasokonekera.

Kwa achinyamata, mafumu, akhonsolo ndi amalonda a kuno ku Kasungu amene mungafune kukonza chikondwerero m'nyengo ino, mbiri ikukulangizani zinthu zochepa. Yambani ndi nkhokwe imene muli nayo, osati ndi dzina la woimba wolipidwa m'madola. Lembani ndalama za chitetezo, madzi ndi zimbudzi poyamba, zotsalazo ndiye za pa nsanja. Lipirani oimba a konkuno musanasese bwalo. Makampani amene amagula fodya wathu ndi kutigulitsa feteleza afunseni asonkheko, koma mabuku a ndalama akhale poyera kuti wosonkha aliyense, ngakhale amene wapereka lichero la ufa, adziwe kumene zapita. Ndipo maboma a mganda ndi amayi a chimtali musawaitane ngati okometsera mwambo alendo olemekezeka asanafike. Aikeni m'komiti, chifukwa akhala akuyendetsa zikondwerero popanda ngongole kuyambira agogo athu atabwera ku nkhondo. Mutu umodzi susenza denga.

A Folomu 4, nali funso loti mukambirane m'magulu anu: pa njira zinayi zolipirira gule zimene taona, kusonkha kwa mudzi, kukakamiza kwa chipani, tikiti ya pakhomo ndi thandizo la mabungwe, ndi iti imene imapatsa wolipira mphamvu yonena maganizo ake? Perekani zitsanzo ndi zaka zake. Akuluakulu amene munavinako pa Kamuzu Stadium kapena munasungako chuma cha boma la mganda, tiuzeni momwe zinkayendera kwanuko, ana awa aphunzire kwa eni ake.